Jaji amadziwika pa mlandu wa amene anamusankha

Mtsogoleri wa dziko akapezeka m'nkhani yochititsa manyazi, anthu amakangana pa wailesi, m'misika ndi m'maminibasi. Ena amati ndi mabodza a chipani chotsutsa, ena amati achoke lero lomwe. Koma mkanganowo nthawi zambiri umakathera kukhoti, pamaso pa majaji omwe ena mwa iwo anasankhidwa ndi mtsogoleri yemweyo. N'chifukwa chake ntchito yosankha majaji, imene ambirife sitiilabadira, ndiyofunika kuitsata mlandu usanabwere. Mbiri ya dziko la America ili ndi phunziro labwino pa nkhaniyi.

Pa 17 Juni 1972 anthu asanu anagwidwa atathyola maofesi a chipani cha Democratic m'nyumba yotchedwa Watergate, mumzinda wa Washington. Pang'onopang'ono zinaululika kuti anthu oyandikana ndi Pulezidenti Richard Nixon, wa chipani cha Republican, anali m'kati mwa chiwembucho, ndipo ankayesetsa kuchikwirira. Zinadziwikanso kuti Nixon ankajambula pa matepi zimene ankakambirana mu ofesi yake. Loya amene anapatsidwa ntchito yofufuza nkhaniyi, Archibald Cox, analamula kuti matepiwo aperekedwe.

Nixon anakana, ndipo pa 20 Okutobala 1973 analamula kuti Cox achotsedwe ntchito. Mkulu wa unduna wa zachilungamo, Elliot Richardson, anakana kumvera lamulolo natula pansi udindo. Wachiwiri wake, William Ruckelshaus, anakananso nachoka. Wachitatu pa mzerewo, Robert Bork, ndiye anavomera kumuchotsa Cox. Dzina limeneli mulisunge, tilipezanso.

Kafukufuku sanaime, ndipo nkhani ya matepi inafika ku khoti lalikulu la Supreme. Khotili lili ndi majaji asanu ndi anayi, ndipo anayi mwa iwo anali atasankhidwa ndi Nixon. Mmodzi, William Rehnquist, anadzipatula pa mlanduwo. Pa 24 Julayi 1974 majaji asanu ndi atatu otsalawo anagamula ndi mawu amodzi kuti pulezidenti apereke matepi. Amene analemba chigamulocho anali jaji wamkulu Warren Burger, yemwe Nixon anamuika pa mpandowo mu 1969. Matepi atamveka, bodza linagwa, ndipo Nixon anatula pansi udindo pa 9 Ogasiti 1974.

Kodi zinatheka bwanji kuti anthu osankhidwa ndi Nixon agamule momutsutsa? Choyamba, jaji wa khotili akakhala pa mpando, pulezidenti alibe mphamvu yomuchotsa, choncho saopa kutaya nsima. Chachiwiri, pulezidenti amangotchula dzina, koma ovomereza ndi aphungu 100 a nyumba ya Senate, omwe amayamba afufuza mbiri ya munthuyo ndi kumufunsa mafunso poyera. Mu 1969 nyumbayi inakana Clement Haynsworth, yemwe ankadzudzulidwa kuti anaweruzapo milandu yokhudza makampani omwe iye anali ndi gawo la chuma m'menemo. Mu 1970 inakananso G. Harrold Carswell. Apo m'pamene Nixon anatchula Harry Blackmun, yemwe anavomerezedwa popanda wotsutsa, ndipo anadzakhala m'gulu la majaji omwe analamula kuti matepi aperekedwe. Mbewu yosankhidwa bwino imadziwika pokolola.

Mlandu suola. Mu 1987 Pulezidenti Ronald Reagan anatchula Robert Bork uja kuti akhale jaji wa khoti la Supreme. Mkangano waukulu unali pa maganizo ake okhudza ufulu wa anthu, komabe zimene anachita usiku wa mu 1973 zinafunsidwanso. Omuikira kumbuyo ankati anali katswiri wa malamulo, ndipo anachotsa Cox pofuna kuti unduna usatsale wopanda mtsogoleri. Omutsutsa ankati munthu amene anamvera lamulo lomwe anzake awiri analikana ndi wokayikitsa. Aphungu 58 anamukana, 42 anamuvomera. Mu 2005 Pulezidenti George W. Bush anatchula Harriet Miers, loya wake wa kunyumba ya boma yemwe anali asanakhalepo jaji. Ambiri omwe anamukayikira anali a chipani cha Bush chomwecho, ndipo mayiyo anachotsa yekha dzina lake mwezi usanathe.

Tisaganize kuti aphungu a Senate ndi angelo. Mu 2016 a chipani cha Republican anakana ngakhale kumufunsa mafunso Merrick Garland, yemwe anatchulidwa ndi Pulezidenti Barack Obama, ponena kuti chinali chaka cha chisankho ndipo anthu ayambe avota. Mu 2020 chipani chomwecho chinavomereza Amy Coney Barrett, wotchulidwa ndi Pulezidenti Donald Trump, kutangotsala masiku asanu ndi atatu kuti chisankho chichitike. Alimi mukudziwa za wogula amene ali ndi sikelo ziwiri, ina yogulira ina yogulitsira. Munthu wotere sakhulupirika, ndipo khoti lodzazidwa mwa njira imeneyi limataya ulemu pamaso pa anthu ngakhale majaji ake akhale odziwa ntchito.

Mphamvu yoyesa majajiyi kwathu kuno iliponso. Ku Malawi, jaji wamkulu amene pulezidenti wasankha ayenera kuvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu ovota m'Nyumba ya Malamulo. Ku Zambia nako, majaji a makhoti akuluakulu amayamba avomerezedwa ndi aphungu. Choncho dzina likatchulidwa, muli ndi ufulu wofunsa phungu wanu mafunso atatu. Kodi munthuyu ali pa ubale wanji ndi amene wamusankha? Kodi anagamulapo mlandu motsutsana ndi boma kapena munthu wamphamvu? Kodi inu a phungu mukanamuvomera akanakhala kuti wasankhidwa ndi chipani china?

Mafunso omwewa ndi othandiza m'kalabu ya alimi, m'kopaletivi, m'banki ya m'mudzi ndi m'komiti ya chitukuko. Amene amawerengera ndalama za gulu asasankhidwe ndi wapampando yekha, ndipo asakhale mlamu wa msungichuma. Malamulo a gulu anene poyera kuti wapampando sangamuchotse pakati pa kafukufuku, ndipo mamembala onse amusankhe pa msonkhano zinthu zikadali bwino. Mukadikira kuti ndalama za feteleza zisowe kaye, aliyense adzafuna woweruza wa kumbali yake, ndipo chigamulo chilichonse chidzakanidwa. Musankheni lero, pamene palibe amene akudziwa kuti mlandu udzagwera yani.