Katapila kapena makasu: za kuswa mphanje ndi kukumba damu kumudzi

Munthu akapuma pantchito n'kulandira ndalama za penshoni, kapena akabwerako ku Joni atasungako kangachepe, mtima umathamangira kumudzi. Kumeneko kuli malo amene makolo anasiya, tchire lokhalokha, ndipo kumunsi kwake kuli dambo kapena kakhwawa koyenda madzi nthawi ya dzinja. Akaima pamenepo amaoneratu chimanga cha mthirira, mabedi a tomato ndi dziwe la nsomba. Kenako pamabwera funso limene ndalimva kangapo pakati pa abale ndi anzanga: kodi ndilembe aganyu a makasu ndi nkhwangwa, kapena ndichite hayala katapila kuti zonse zithe m'sabata imodzi?

Dzina lakuti katapila linachokera ku kampani ya ku America ya Caterpillar, koma ife timalitchula pa chimakina chilichonse choyenda pa matcheni. Zimakinazi zili mitundu iwiri imene munthu wofuna damu ayenera kuisiyanitsa. Pali buludoza, wokhala ndi chitsulo chachikulu kutsogolo, ntchito yake kukankha dothi, miyala ndi mitengo. Pali excavator, ya mkono wautali, imene imakumba n'kutaya dothi pambali. Buludoza amachita bwino pouma ndi potambalala. Mukamulowetsa m'dambo la madzi amatitimira, ndipo kumuvuula kumafuna chimakina china, chimenenso mulipire ndinu.

Tiyambe ndi zimene zimakopa anthu, chifukwa si zachibwana. Dziwe la nsomba la mamita 10 m'lifupi, 20 m'litali ndi mita imodzi kuya kwake limatanthauza dothi lokwana makiyubiki mita 200, amene ndi mawilibala pafupifupi 3,000. Anyamata khumi olimbikira angathe kulimaliza. Koma taganizani za madzi othirira hekitala imodzi ya chimanga m'chilimwe. Chimanga chimafuna madzi osachepera mamilimita 500 kuchokera pobzala mpaka kukhwima, ndiye kuti pa hekitala imodzi ndi makiyubiki mita 5,000, tisanawerengere otayika ndi dzuwa ndi olowa pansi. N'zoona kuti mukatseka khwawa pamalo opanikizika mumasunga madzi ambiri kuposa dothi limene mwasuntha, komabe khoma lake ndi chiphiri. Ntchito yotero ndi makasu imatha chilimwe chonse, mwinanso zilimwe ziwiri.

Ndipo nthawi ndiyo imavuta. Yokumbira ndi yochepa, kuyambira cha mu Juni nthaka ikauma mpaka Okutobala. Mitambo ikangoyamba kusonkhana aganyu amabalalika, aliyense kukagalauza kwake, ndipo simungawadzudzule. M'midzi yambiri anyamata amphamvu ali pa kabaza kutauni kapena kunja kwa dziko. Khoma la damu lotsala theka mvula yoyamba ikalipeza limakokoloka, ndalama zonse n'kupita ndi madzi. Katapila amapha ntchito yomweyo m'masiku owerengeka. Amene anaona chimanga chikunyala ndi ng'amba ya El Niño ya 2024, pamene boma linalengeza za ngozi yogwa mwadzidzidzi m'maboma 23 mwa 28, sangaseke munthu wofuna kusunga madzi mwamsanga. Dziko lathu limalandira mvula miyezi isanu yokha, ndipo madzi ambiri amangodutsa kupita ku nyanja ndi ku Shire ife tikuyang'ana.

Tsono mtengo wake. Eni zimakina amatchula mtengo wa pa ola, ndipo munthu akaumva amawerengera maola makumi awiri kapena atatu n'kuona ngati n'zotheka. Chimene amaiwala n'chakuti katapila sayenda yekha pamsewu. Amabwera atanyamulidwa pa chilole cha lowbed, ndipo ulendo wobwera ndi wobwerera uli pamutu panu. Malo akakhala kutali ndi Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, mtengo wonyamulira ukhoza kufanana ndi wa ntchito yeniyeniyo. Palinso timilatho ta matabwa tam'midzi timene sitingasenze katundu wolemera choncho. Dizilo nthawi zambiri amagula ndi wobwereka, ndipo chimakinachi chimamwa malita ambirimbiri pa ola. Tonse tikudziwa mizere ya pa mafilingi siteshoni ya zaka zapitazi, ndiponso kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zitsulo zonse zoitanitsa kunja n'kukwera nayo. Paipi ya mafuta ikaphulika kumudzi, chimakina chimagona masiku chikudikira mekaniki. Ngati simunalembe pa pepala kuti masiku amenewo alipira ndani, mkangano ndi womwewo. Mita yowerenga maola nayonso imayenda injini ikangolira, kaya chimakina chikukankha dothi kaya changoima.

Boma lili ndi nthambi yake yobwereketsa zimakina, ya PVHES imene akuluakulu amaidziwa kuti PVHO, ndipo pali makontirakitala a misewu ambiri. Pamene msewu ukukonzedwa pafupi, mtengo wonyamulira umatsika kwambiri. Koma pitani kwa mwini chimakina, osapangana kumbali ndi woyendetsa kuti abwere Lamlungu. Zamseri zotere zikaphotchoka mulibe kodandaula.

Pa nkhani yoswa mphanje m'pamene mtima wanga umakana kwambiri. Chonde cha nthaka yathu chili pamwamba penipeni, mwina kuya kwake ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri, chopangidwa ndi masamba amene akhala akuwolerana zaka zambirimbiri. Chitsulo cha buludoza chikamazula chitsa chimapala ndi dothi lomwelo n'kuliunjika kumalire pamodzi ndi nthambi ndi mizu. Mwini malo amasangalala kuona bwalo loyera mbee, osadziwa kuti chimene akuona ndi katondo wouma gwa, wopondedwa ndi chitsulo cholemera matani ambiri. Chaka choyamba chimanga chimatuluka chachikasu, iye n'kumaimba mlandu feteleza. Mvula yamphamvu ikagwa pamalo otsetsereka opanda muzu ndi umodzi womwe, ngalande zimayamba, ndipo dothi lonselo limakathera m'damu lomwe lija mwalikumba kumunsi. Zimene zimachitika ku Nkula, kumene a EGENCO amalimbana ndi matope odzaza damu la magetsi, zimachitikanso pa damu la munthu mmodzi, kungoti mwamsanga.

Ndiponso katapila sasankha. Munthu wa nkhwangwa akafika pa msangu amausiya, chifukwa amadziwa kuti umayoyola masamba m'dzinja ndipo chimanga cha pansi pake chimakondwa. Amasiya msuku, muula, mpoza ndi mtengo wa mankhwala umene agogo amasendako khungwa. Chitsa cha mombo kapena tsamba chikasiyidwa chimaphukira, ndipo patapita zaka zochepa mumadulako milimo ndi nkhuni. Chikazulidwa ndi mizu yomwe ndiye kuti chapita, pamodzi ndi bowa amene amamera pansi pa mitengo imeneyi. Woyendetsa chimakina ali pamwamba, m'fumbi ndi phokoso, ndipo akuthamangitsana ndi maola. Sadziwa kuti kamtengo ka nkhadze ako ndi malire a pakati pa inu ndi a neba, kapena kuti pamsitu apo pagona makolo. Chimene chagwetsedwa m'mphindi zisanu sichidzukanso, ndipo milandu ya malire imatha zaka pabwalo la amfumu.

Komabe ndisaname, alipo malo amene nkhwangwa siikwanira. Amene akufuna kulima mahekitala makumi angapo ndi thirakitala sangasiye zitsa m'munda, chifukwa zimathyola mapulawo. Maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji sakanalimidwa ndi mathirakitala zitsa zili m'nthaka. Chitsa cha muwanga chimatha kudya tsiku lathunthu la amuna awiri. Pamalo athyathyathya, woyendetsa waluso akhoza kukweza chitsulo pang'ono kuti asapale dothi, n'kugwedeza mizu kuti dothi litsale, n'kuzungulira mitengo imene mwaiika chizindikiro. Luso lotero lilipo, koma si aliyense ali nalo, ndipo limafuna maola ochulukirapo. Wolima maekala awiri kapena atatu ndi khasu alibe chifukwa cholowera m'zonsezi.

Ena amanena kuti kulemba aganyu n'kwabwino chifukwa ndalama zimatsala m'mudzi, pamene za katapila zimapita ku dizilo. Mfundoyi ndi yoona, ndipo m'chaka cha njala ganyu wokumba damu amadyetsa mabanja. Koma tisaikometsere kwambiri. Kukumba makande ouma ndi piki mu Sepitembala ndi ntchito yothyola msana, ndipo kawirikawiri imaoneka yotchipa chifukwa chakuti olemba ntchito amalipira zochepa kwambiri. Mukawerengera malipiro oyenera, chakudya chamasana ndi zida, kusiyana kwa mitengo iwiriyi kumachepa.

Tibwere ku damu lenilenilo, kumene anthu ambiri amataya ndalama. Dzenje lalikulu si damu. Choyamba ndi dothi: tengani lonyowa pang'ono, mulikulunge m'manja ngati mukuumba chingwe. Likapindika osaduka, muli dongo lokwanira. Likaphwasuka, ndi mchenga, ndipo madzi adzathawa ngakhale mutakumba mozama bwanji. Kumbani maenje angapo oyesera, muwadzaze madzi, muone mmene akuphwera. Ntchito imeneyi ndi ya khasu ndi ndowa, ndipo iyenera kuchitika chimakina chisanaitanidwe.

Chachiwiri ndi khoma. Pansi pake pamayenera kukumbidwa ngalande yofika pa dothi lolimba, n'kuidzaza ndi dongo lotsenderedwa, kuti madzi asadutsire kunsi. Khomalo limakwezedwa pang'onopang'ono, dothi la masentimita 15 kapena 20 nthawi imodzi, kuwaza madzi, kutsendera, kenako lina. Apa pali chinthu chimene ambiri sachiganizira. Matcheni a buludoza anapangidwa kuti azimwaza kulemera kwake pamalo aakulu kuti asatitimire, choncho satsendera bwino ngati chimakina chogudubuza cha pa misewu. Woyendetsa wachangu akhoza kuunjika chiphiri chokongola tsiku limodzi, m'kati mwake muli zitsa, udzu ndi dothi lofewa. Zitsazo zikawola zimasiya mabowo, madzi n'kupeza njira.

Chachitatu, ndipo chofunika koposa, ndi potulukira madzi damu likadzaza. Madamu ambiri a dothi amaphulika chifukwa madzi adutsa pamwamba pa khoma. Amene anaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022 akuwononga damu la Kapichira, kapena Freddy mu Malichi 2023 akugumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, akudziwa mvula imene khoma la masiku ano liyenera kupirira. Katapila amapatsa munthu wamba mphamvu yotseka madzi ochuluka kuposa amene nzeru zake zingawasamale, ndipo kumunsi kwa khomalo kuli nyumba ndi madimba a anthu ena. Kukula kwa potulukira madzi sikuyezedwa ndi maso. Kumafuna katswiri wa za mthirira woyeza dera lonse limene madzi ake amatsikira pamenepo.

Ngati cholinga chanu ndi nsomba zokha, nkhani ndi ina. Makumba, chilunguni ndi mlamba amawetedwa m'maiwe osazama, mita imodzi kapena imodzi ndi theka, okhala ndi kolowera ndi kotulukira madzi kuti muzitha kuphwetsa pokolola. Maiwe otere alimi a ku Zomba, Mulanje ndi Mchinji akhala akukumba ndi manja kwa zaka zambiri, motsogozedwa ndi alangizi komanso malo a kafukufuku a ku Domasi. Maiwe anayi ang'onoang'ono amasamalika bwino kuposa chidamu chimodzi chakuya chimene khoka silifika pansi. Mungakumbe limodzi chaka chino, mukaona kuti madzi akukhala n'kuwonjezera lina.

Za malamulo ndingotchula mwachidule. Malo a makolo ali pansi pa lamulo la Customary Land Act la 2016, ndipo kwa ife a chikamwini malowo ndi a mbumba, kotero atsibweni, alongo ndi amfumu ayenera kudziwa chimakina chisanafike. Kutseka mtsinje kumafuna chilolezo cha bungwe la National Water Resources Authority potsatira lamulo la madzi la 2013, ndipo ntchito ikakula a MEPA oona za chilengedwe nawonso amakhudzidwa. Kupatula mapepala, pali anthu. Amayi amene amatunga madzi kumunsi adzatunga kuti mu Okutobala? Madzi oima amabweretsa udzudzu ndi nkhono za likodzo, ndipo damu la m'mbali mophedi ndi msampha kwa ana ndi ziweto. Walira mvula walira matope: mpanda ndi gombe lotsetsereka pang'ono n'zofunika kuziwerengera pamodzi ndi dizilo.

Ine maganizo anga ndi awa. Ntchito ziwirizi tizisiyanitse. Kuswa mphanje pa munda wa banja kuchitike ndi nkhwangwa ndi khasu, posankha mtengo wogwa ndi wotsala. Dziwe la nsomba nalonso ndi la makasu. Katapila ndi woyenera pa damu losungira madzi a mthirira, pamene dothi layesedwa, katswiri wajambula, ndipo a kumunsi avomera. Zimakhala bwino koposa alimi angapo, kalabu kapena kopaletivi, akasonkherana kuti lowbed ibwere kamodzi n'kugwira ntchito ya onse. Pangano likhale la ntchito yonse yoyezedwa osati la maola okha, ndipo ndalama yomaliza iperekedwe potulukira madzi patakonzedwa.

Inu amene muli ndi malo ndi kandalama m'thumba, musanaimbire foni mwini katapila, pitani kaye ku ofesi ya zaulimi ya boma lanu mukaonane ndi a za mthirira kapena a za nsomba. Mangani nsanza zofiira pa mitengo yonse yotsala ndi m'malire monse. Tsiku limene chimakina chidzatsike pa lowbed, mudzakhalepo inu mwini, kuyambira m'mawa mpaka injini itazimitsidwa.