Mvula Ikagwa, Ena Sagona



Mitambo ikayamba kuchita bii chakumapeto kwa chaka, ambiri a ife mtima umakhala m'malo. Timayamba kuganiza za mbewu, za feteleza ndi za ngumbi zimene zituluke ndi mvula yoyamba. Komatu pakati pathu pali anthu ena amene madontho akangoyamba kugunda pa malata, thupi lonse limachita tsemwe. Amadzuka pakati pa usiku, n'kuyatsa tochi, n'kuima pakhomo kumvetsera ngati phiri likulira. Ena amagoneka ana awo atavala zovala zoyendera kuti akamathawa asachedwe. Kukacha amapita kusukulu kapena kumsika maso ali psuu, ndipo ife timangoti ndi aulesi kapena amwano. Sabata ino tiyeni tilingalire za abale ndi alongo athuwa.

Tonse tikukumbukira mwezi wa Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yosalekeza m'chigawo chakummwera. Ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, matope ndi miyala zinagumuka kuchokera m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ndi anthu omwe. Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu midzi ina inakwiririka. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Kwa akuluakulu a ku Phalombe aka sikanali koyamba, pakuti mu 1991 anaonanso napolo akutsika m'phiri la Michesi. Thandizo linabwera: ufa, mabulangete, matenti ndi ziwiya. Tinawerenga milatho yogumuka ndi minda yokokoloka. Koma pali chimodzi chimene chinali chovuta kuchiwerenga, ndicho chiwerengero cha anthu amene kuyambira tsiku limenelo sanagonenso tulo tabwino.

Madokotala ali ndi dzina la vutoli. Amalitchula mwachidule kuti PTSD, ndipo ndi matenda a maganizo amene amabwera munthu akakumana ndi zoopsa zofika poti akanafa, akavulala kwambiri, kapena akagwiriridwa. Amagwiranso amene anangoona zoopsazo zikuchitikira ena, monga anyamata aja amene ankafukula mitembo m'matope ndi makasu. Masiku oyambirira pambuyo pa ngozi, mantha, maloto oipa ndi kusowa tulo n'zachibadwa, ndipo kwa ambiri zimachepa pakapita masabata angapo. Zikapitirira mwezi wathunthu, n'kumasokoneza ntchito, sukulu ndi kukhala bwino ndi anthu, ndiye kuti pali matenda ofunika thandizo. Kwa ena zizindikiro zimadzayamba patapita miyezi ingapo, aliyense ataiwala kale. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu pafupifupi 70 pa 100 alionse amakumana ndi zoopsa zotere nthawi ina m'moyo wawo, ndipo mwa iwowa pafupifupi 6 pa 100 alionse ndi amene amadwala PTSD. Chiwerengerocho chimakwera pakati pa anthu amene anaona nkhondo ndiponso amene anagwiriridwa.

Kodi chimachitika n'chiyani m'thupi? Mkati mwa ubongo muli kachigawo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene tingakayerekeze ndi mlonda wa pakhomo. Mlondayu akaona choopsa amaliza wenzulo, thupi n'kutulutsa michere monga adrenaline, mtima n'kuthamanga, minofu n'kukungika kuti munthu athawe kapena alimbane. Ena thupi limangouma gwaa osatha kusuntha kapena kukuwa, ndipo ichi sichitanthauza kuti anavomereza zimene zinkawachitikira. Choopsa chikadutsa, mlonda amayenera kukhala pansi. Mwa munthu wodwala PTSD, mlonda uja sakhalanso pansi. Kaphokoso kalikonse amakamva ngati akuba abweranso. Komanso ubongo umalephera kusunga chochitikacho ngati nkhani yakale yokhala ndi chiyambi ndi mathero. Chimatsala m'zidutswazidutswa: fungo la matope, kulira kwa mwana, kuwala kwa nyali za galimoto. Chidutswa chimodzi chikakhudzidwa, thupi limachita ngati zonse zikuchitika pompano.

Zimenezi zimaonekera m'moyo wa tsiku ndi tsiku m'njira zinayi. Yoyamba ndi kubwererabwerera kwa chochitikacho mosaitanidwa, m'maloto ngakhalenso masana dzuwa likuswa mtengo. Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 4 amene ali m'kalasi kukonzekera mayeso a MSCE. Kunja kwagunda bingu, ndipo mwadzidzidzi iye salinso m'kalasimo: akuona khoma likugwa, akumva mayi ake akuitana. Aphunzitsi akamufunsa funso amangoti kukamwa yasaa, anzake n'kumaseka.

Yachiwiri ndi kupewa. Mnyamata wa kabaza amene anaona mnzake akugundidwa ndi lole amayamba kuzungulira njira yaitali kuti asadutse pamalo aja, kenaka amasiyiratu ntchito, ngakhale kuti pakhomo palibe ufa. Mtsikana amene anagwiriridwa ndi wachibale amakana kupita kumudzi pa tchuthi, ndipo makolo amamukalipira kuti wayamba matama a m'tauni.

Yachitatu ndi kusintha kwa maganizo ndi mtima. Munthu amadziimba mlandu: "Ndikanamugwira dzanja mwamphamvu sakanapita ndi madzi." Amaona ngati dziko lonse ndi loopsa ndipo palibe wodalirika. Zimene ankazikonda, mpira, kwaya, macheza a madzulo, zonse zimasanduka zosakoma. Ena amanena kuti mumtima mwawo mwangoti zii, satha kukondwa ngakhale kulira.

Yachinayi ndi kukhala tcheru nthawi zonse: kudzidzimuka ndi chitseko chomenyetseka, kupsa mtima ndi kanthu kakang'ono, kusowa tulo, kulephera kusunga zimene wawerenga. Bambo amene anali wofatsa amayamba kukalipira ana popanda chifukwa chenicheni. Kwa ana aang'ono zimaoneka mwina: mwana amene anasiya kale kukodza pogona amayambiranso, amakakamira mayi ake paliponse, kapena amangosewera masewera amodzimodzi a nyumba ikugwa ndi anthu akuthawa. Ambirinso amamva mutu, m'mimba ndi mtima kugunda, n'kumayenda m'zipatala kuyezetsa malungo osapezeka.

Vutoli si lachilendo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, madokotala a ku Britain anaona asilikali ambiri akunjenjemera, kusowa chonena ndi kulota zoopsa ngakhale analibe bala lililonse, ndipo mu 1915 anayamba kulemba za matendawa pogwiritsa ntchito dzina loti shell shock. Ambiri mwa asilikaliwo ankatengedwa ngati amantha chabe. Panapita zaka zambiri mpaka mu 1980 pamene madokotala a matenda a maganizo ku America analemba PTSD m'buku lawo la matenda, makamaka ataona zimene zinkachitikira asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam. Phunziro lake ndi lowawa: kwa zaka zoposa 60 anthu odwala ankanyozedwa chifukwa choti owazungulira sankatha kuona bala lawo.

Ifenso timalakwa chimodzimodzi, nthawi zambiri ndi mtima wabwino. Timati, "Iwalani, zinapita zimenezo." Timati, "Limbani mtima, mwamuna salira." Timati, "Thokozani kuti munapulumuka, anzanu anafa." Koma mawu omalizawa ndi amene amabaya kwambiri munthu amene usiku ulionse amadzifunsa chifukwa chimene iye anatsalira pamene mng'ono wake anapita. Kumuuza munthu wotere kuti aiwale kuli ngati kuuza wamalungo kuti asiye kunjenjemera. Iye mwini akufunitsitsa kuiwala kuposa mmene ife tikufunira. Zikapitirira timayamba kunong'onezana kuti wapenga, wasuta chamba, amulodza, kapena wagwidwa ndi mizimu yoipa. Ena timafika pomuuza kuti chikhulupiriro chake n'chochepa, tikatero tamusenzetsa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba uja. Mnzathu akathyoka mwendo pa mpira timamupempherera, inde, koma timamunyamulanso kupita naye kuchipatala kuti akamuike chikhakha. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Bala la m'maganizo liyenera kulandira ulemu womwewo.

Ena anganene kuti agogo athu anakumana ndi zoopsa zambiri, njala ya 1949 ndi zina zotero, koma sankadziwa mayina achizunguwa ndipo anapirira. M'mawu amenewa muli choonadi. Chikhalidwe chathu chili ndi mankhwala ake amphamvu: pamaliro sitisiya anamfedwa okha, timagona nawo pasiwa, timaphika, timaimba usiku wonse. Akatswiri amavomereza kuti kukhala ndi anthu okuchirikiza ndi chimodzi mwa zinthu zikuluzikulu zoteteza munthu ku PTSD. Koma tifunsane moona mtima. Maliro akatha, patapita miyezi itatu, ndani amabwereranso kukaona wamasiye? Nanga mabanja aja amene matupi a abale awo sanapezeke, amene alibe ngakhale manda oti akalirepo? Nanga mtsikana wogwiriridwa, amene m'malo momukhalira pansi timamuuza kuti asachititse banja manyazi? Kupirira kwa agogo athu sikutanthauza kuti sankavutika. Ena a iwo anapirira ndi kachasu, ena ndi ukali umene unagwera akazi ndi ana awo.

Enanso angati munthu wanjala, wogona m'kanyumba ka pulasitiki, sangadye uphungu. Nawonso akunena zoona. N'kovuta kuti mlonda wa mu ubongo uja akhale pansi ngati munthu akugonabe m'munsi mwa phiri lomwe lija, kapena akukhalabe nyumba imodzi ndi amene anamuchita chipongwe. Chitetezo, chakudya ndi pogona ndiye poyambira. Koma tisaime pamenepo, chifukwa mayi amene sagona usiku sangalime bwino masana, ndipo mwana amene maganizo ake ali m'matope a 2023 sangakhoze mayeso. Ufa ndi uphungu ziyendere limodzi.

Nkhani yabwino ndi yakuti matendawa amachizika. Thandizo lodalirika kwambiri ndi uphungu wochitidwa ndi munthu wophunzitsidwa, amene amathandiza wodwala kubwerera ku chochitika chija pang'onopang'ono, pamalo otetezeka, mpaka ubongo utavomereza kuti zinachitika kale ndipo zinatha. Mlangiziyo amathandizanso kumasula maganizo odziimba mlandu aja. Palinso mankhwala ena, a gulu lomwe limathandiza matenda ovutika maganizo, amene adokotala angapereke. Mapiritsi ogonetsa ogula paokala, mowa ndi chamba zimapatsa mpumulo wa usiku umodzi, kenaka zimakulitsa vuto. Poyambira ndi pachipatala chachikulu cha m'boma lanu, pofunsa anamwino kapena madokotala oona za matenda a maganizo. Kulinso chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ana ndi achinyamata ochitiridwa nkhanza angathe kuimba nambala yaulere ya 116, kapena kupita ku ofesi ya Victim Support Unit kupolisi. Ndipo mnzathu akayamba kulankhula zoti moyo watha ntchito kapena zofuna kudzipha, tisamusiye yekha, ndipo chinsinsi chotere tisachisunge. Tiuze wamkulu wodalirika ndi kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga ife amene sitili madokotala tingachite chiyani? Choyamba, tisamukakamize munthu kufotokoza zimene anaona. Kumufunsa mobwerezabwereza kuti tikhutitse chidwi chathu ndi kutokosa bala. Akafuna kulankhula, timvetsere osamudula mawu, osathamangira kupereka malangizo, ndipo zimene watiuza zisakatuluke pachitsime kapena pagulu la WhatsApp. Chachiwiri, tisiye chizolowezi chotumizirana zithunzi za ngozi ndi mitembo, pakuti sitidziwa foni imene zikafikire. Chachitatu, tipitirize kumuitana ku mpira, ku kwaya ndi kumunda ngakhale akane kasanu, chifukwa kubwerera ku zochita za masiku onse kumathandiza thupi kukhulupiriranso kuti kuli mtendere. Chachinayi, mantha akamugwira tili naye, tilankhule motsitsa mawu, timutchule dzina, timukumbutse malo amene ali ndi tsiku la lero, ndipo tipume naye pang'onopang'ono mpaka mtima utsike. Tisamugwire modzidzimutsa. Ndipo ngati akuopa kupita yekha kuchipatala, timuperekeze ndi kukhala naye pamzere. Zonsezi zimafuna nthawi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anzathu ena amene mukuwerenga mawuwa, mwina nkhaniyi ndi yanu. Mwina papita zaka mukubisa, mukuganiza kuti mutu wanu wasokonekera kapena ndinu ofooka. Simunapenge ayi, ndipo simunalakwe populumuka. Thupi lanu linachita zimene linayenera kuchita kuti mukhale ndi moyo, ndipo tsopano likufunika kuthandizidwa kuti lipume. Sankhani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuuze mawu ochepa chabe: "Sindikugona bwino kuyambira nthawi ija." Poyambira ndi pamenepo.

Kwa tonsefe, ntchito ya sabata ino ndi iyi. Aliyense aganizire munthu mmodzi wa m'dera lake amene anasintha pambuyo pa ngozi, imfa yadzidzidzi, kuberedwa ndi zigawenga kapena madzi osefukira, amene mwina tinasiya kumuyendera chifukwa anayamba ukali kapena kudzipatula. Tipite tikamuone. Sitikufunika kunyamula mawu anzeru. Tinyamule nzimbe kapena mtedza, tikhale naye pakhonde, ndipo mvula ikadzagwa usiku tidzakumbuke kumuimbira foni m'mawa mwake kumufunsa kuti, "Mwagona bwanji?" n'kudikira yankho lenileni. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tikufunirani sabata yamtendere.