Liwiro Lili ndi Bwalo Lake

M'chipinda chathu chogona muno palibe nkhani imene ichedwetsa tulo koposa ya magalimoto. Nyali zikazima, anyamata amayamba kutamanda madalaivala a minibasi amene awadziwa. Wina amati wake amachoka pa Dedza ndi kufika ku Lilongwe munthu usanamalize kudya chimanga chootcha, ndipo anzake amavomera kuti, “Ameneyo ndiye mwamuna!” Ine ndinali mmodzi wa otamandawo. Tsopano ndasintha maganizo, ndipo ndipempha malo m'magazini yathu ino kuti ndifotokoze chifukwa chake.

Pa tchuthi cha Khirisimasi amalume anga anabwera kuno kumudzi kuchokera ku South Africa, kumene agwira ntchito yokonza magalimoto pa galaja ina. Mwini galajayo ali ndi kagalimoto kakale ka mipando iwiri, kamene amathamanga nako pa mpikisano wa kalabu pa bwalo la Zwartkops, pafupi ndi mzinda wa Pretoria. Munthuyo si katswiri wotchuka ayi. Salandira malipiro pa kuthamangako, matayala ndi mafuta amagula ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo Lolemba m'mawa amavala ovololo yake ndi kulowa pansi pa magalimoto a anthu monga mwa masiku onse. Amalume ndiwo amamperekeza ndi bokosi la masipanala. Ine nditamva zimenezi ndinakondwa, pakuti ndinayesa kuti ndimva nkhani za liwiro loopsa. Koma iwo anaseka nati, “Mphwanga, kuthamanga kwenikweniko sikutha ndi ola limodzi lomwe. Nthawi yotsalayo yonse timakhala tikuyang'ana maboti.”

Ntchito, iwo anati, imayamba mkati mwa sabata. Madzulo akaweruka amatsala awiri, kukhetsa oyilo wakale, kuona mabuleki, kupima mpweya wa m'matayala ndi kumanga nati iliyonse. Lachisanu amakweza kagalimotoko pa ngolo ndi kupita nako ku bwalo. Kumeneko sikaloledwa kulowa m'njira kasanapimidwe. Alipo anthu amene ntchito yawo ndi kuyendera galimoto iliyonse: amaona ngati zitsulo zotchinjiriza dalaivala galimoto ikagubuduka zili zolimba, ngati malamba a pampando sanathe, ngati chozimitsira moto chili chodzaza, ngati oyilo sakudontha. Amaonanso chisoti cha dalaivala ndi zovala zake zosagwira moto msanga. Chinthu chimodzi chikaperewera, galimotoyo imabwezedwa, ngakhale mwini wake wachokera kutali ndipo walipira kale. Amalume anati tsiku lina anabwezedwa chifukwa cha lamba amene nthawi yake inali itapitirira, ndipo panalibe wopatsa kanthu kuti atseke maso.

Loweruka m'mawa madalaivala onse amasonkhana kuti amve malangizo, monga ife timachitira pa asembule. Kenaka amayeserera njira, ndipo aliyense amapimidwa nthawi yake kuti adziwe malo oyambira. Njira ya ku Zwartkops ndi yozungulira, ya makilomita pafupifupi awiri ndi theka, ndipo onse amalowera kumodzi. Mulibe mbuzi, mulibe mwana wopita kusukulu, mulibe lole yochokera kutsogolo. Pokhota paliponse pali anthu odzipereka, osalipidwa, amene agwira mbendera. Yachikasu itanthauza kuti kutsogolo kuli choopsa, chepetsa liwiro ndipo usapitirire mnzako. Yobiriwira ikuti njira yatseguka. Yabuluu ikuuza kuti wina wothamanga koposa iwe ali m'mbuyo. Yofiira imaimitsa mpikisano wonse. Yakuda imaitana dalaivala mmodzi kuti atuluke akayankhe mlandu. Ambulansi imakhala pomwepo tsiku lonse. Wonyoza mbendera amalangidwa, ndipo akapitiriza amalandidwa chiphaso chake chothamangira.

Ndinafunsa ngati bwana wawoyo amapambana. Amalume anati kawirikawiri amamaliza pakati, ndipo tsiku limene anabwera ndi kachikho kakang'ono anasangalala ngati mwana. Koma chimene anyadira koposa ndi kukweza galimoto yake pa ngolo madzulo ili yamphumphu, ndi kugwirana chanza ndi munthu amene analimbana naye pokhota. Pobwerera kunyumba pa msewu wa anthu onse amayendetsa pang'onopang'ono kotero kuti amalume amagona m'njira.

Tsono, anzanga, tiyerekeze munthu ameneyu ndi dalaivala uja timamtamanda usiku. Pobwera kusukulu teremu yatha ndinakwera minibasi pa msewu wa M1 m'mawa wa nkhungu, monga mudziwa mmene kumachitira kuno ku mapiri a Dedza. Tinali othinana anayi anayi pa mpando wa anthu atatu, chitseko chinali chomangidwa ndi chingwe, ndipo tayala limodzi linali losalala ngati mbale. Dalaivala anaona minibasi inzake kutsogolo, ndipo pofuna kukayamba iye kutola anthu pa siteji yotsatira, anaipitirira pokwera mtunda, posaoneka kutsogolo. Mwadzidzidzi tinakumana ndi bambo wina pa njinga atanyamula thumba la mbatatesi. Bamboyo anadziponya m'ngalande, mbatatesi zinamwazika mu msewu, ndipo ife tinapitirira osaima. Mayi wina anafuula, koma kondakitala anamuuza kuti ngati ali ndi mantha atsike. Ine ndinakhala chete, ndipo ndichita manyazi kunena kuti madzulo ake ndinaifotokoza nkhaniyi m'chipinda chogona monga yoseketsa.

Kodi mwa anthu awiriwa wodziwa kuyendetsa ndani? Woyamba uja aika pachiswe moyo wake wokha, atavala chisoti, pakati pa anzake amene anavomera okha kulowa m'bwalo. Wachiwiriyu aika pachiswe miyoyo ya anthu amene analipira kuti akafike kwawo, ndi ya bambo wa njinga amene sanafunsidwe kanthu. Woyamba galimoto yake yapimidwa dzulo lomwe. Wachiwiri sadziwa tsiku limene mabuleki ake anaonedwa. Ine ndiganiza kuti tikamtcha wachiwiriyu katswiri, tikunyoza woyamba uja.

Zimene tiphunzira m'kalasi ya sayansi zivomereza. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti dalaivala akachedwa sekondi imodzi yokha kuponda buleki, wadutsa kale utali woposa kotala la bwalo lathu la mpira. Ndiponso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Wothamanga pa bwalo adziwa zimenezi m'mafupa mwake, ndipo ali ndi chizindikiro pambali pa njira chomuuza poyambira kuponda buleki. Pa M1 palibe wokuuza pamene ng'ombe idzatulukire. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, ndipo kuti mwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 ngozi za pamsewu ndizo zipha ambiri koposa china chilichonse. Zaka zimenezo ndi zathu.

Ndidziwa kuti ena adzati masewera a magalimoto nawonso amapha. Zimenezo ndi zoona ndipo sindizikana. Pa 11 June 1955, pa mpikisano wa ku Le Mans m'dziko la France, galimoto ina inauluka ndi kugwera pa khamu la oonerera, ndipo anthu oposa 80 anafa. Koma taonani kuti masewerawa sanaiwale maliro awo. Malamulo ambiri amene amalume anandifotokozera anakhwima chifukwa cha ngozi zotere, ndipo lero oonerera amakhala kuseri kwa mipanda yolimba. Ife ngozi ikachitika pa msewu wathu timangoti inali nthawi yake, ndipo m'mawa mwake timakweranso minibasi ya tayala losalala.

Ena adzati awa ndi masewera a anthu olemera, ndipo sayenera kutchulidwa pa sukulu imene makolo ena amagulitsa mbuzi kuti alipire fizi. Apanso ndivomera kuti ndalama zimapita zambiri, ndipo sindikunena kuti boma lisiye zipatala limange bwalo la magalimoto. Koma kuyang'ana tayala usanakwere sikulira ndalama. Kumanga lamba sikulira ndalama. Zimene ndisirira mwa bwana wa amalume si galimoto yake, koma khalidwe lake lomvera lamulo ngakhale mtima uli pa liwiro.

Amalume anandiuzanso za John Love wa ku Bulawayo. Pa mpikisano waukulu wa South African Grand Prix ku Kyalami, pa 2 January 1967, iye anabwera ndi galimoto yakeyake yakale ya mtundu wa Cooper, nalimbana ndi akatswiri a makampani akuluakulu a ku Ulaya. Anatsogola mpaka pafupi ndi mapeto, koma anakakamizika kuima kuti athire mafuta, ndipo Pedro Rodríguez anamupitirira. Love anamaliza wachiwiri. Akulu akale sananame ponena kuti kuthamanga si kufika. Ngakhale pa bwalo lenilenilo phazi lolemera lokha silikwanira.

Tsono ndipempha zinthu zitatu. Kwa aphunzitsi athu, ngati nkutheka, atithandize kuyambitsa kalabu yophunzira za injini ndi malamulo a pamsewu. Injini yakufa ya chigayo kapena ya njinga yamoto ingapezeke pafupi pompano, ndipo ambiri a ife tidzakhala madalaivala ndi amakaniko. Kwa anzanga amene mukwera kabaza wa njinga yamoto popita ku msika, funsani chisoti, ndipo musakwere atatu. Ndipo kwa anyamata a m'chipinda chathu, tileke kuombera m'manja munthu amene atisewera ndi miyoyo yathu. Dalaivala akayamba mpikisano ife tili m'kati, tilankhule mwaulemu koma tonse pamodzi, pakuti kondakitala angathe kunyoza mayi mmodzi koma sangatsitse minibasi yonse.

Ine ndikadakondabe kudzayendetsa galimoto ya liwiro tsiku lina, ndipo sindibisa. Koma ndikadzatero, ndifuna kudzakhala nditavala chisoti, pa bwalo limene muli mbendera. Bambo wa mbatatesi uja sindidziwa dzina lake, ndipo sindidziwa ngati anadzuka bwino m'ngalandemo. Ndikamkumbukira, kuseka kuja kumandithera.

Wanu,
Wophunzira wa Fomu 3