Chikombole Chikakhota, Njerwa Zonse Zikhota

Kaundula wa kalasi sayamba ndi maina, amayamba ndi mizere. Tisanalembe mwana ngakhale mmodzi, timayamba tagamula mizati imene tidule: dzina, tsiku lobadwa, kholo ndi kumene mwanayo akhala. Mpangidwe umenewu akatswiri a makompyuta amautcha schema.

M'chaka cha 1970 Edgar Codd wa ku kampani ya IBM analongosola njira yosungira mbiri m'kompyuta mwa mizere ndi mizati, monga momwe tichitira m'kaundula. Poyamba munthu ankalemba yekha malamulo onse ouza makina kusunga ndi kutulutsa mbiriyo. Lero zida zonga Django, imene inatuluka m'chaka cha 2005, zimaŵerenga mpangidwewo ndi kulemba zokha malamulo aja. Ntchito yapepuka, ndipo zolakwa za dzanja zachepa.

Komatu chida chotere chili ngati woumba njerwa amene safunsa za chikombole chimene ampatsa. Chikombole chikakhota, njerwa zonse zikhota, ndipo zikhota mofulumira.

Tiyeni tiganizire ana amene mudzaŵapeza ku Ndirande, Bangwe kapena Zingwangwa. Ngati mpangidwe ulamula kuti tsiku lobadwa lisasiyidwe, mwana wopanda kalata ya kubadwa makina adzamkana, kapena mphunzitsi adzapeka tsikulo. Ngati pali mzati wa bambo ndi wa mayi wokha, mwana woleredwa ndi agogo kapena amalume tidzamlemba pati? Ngati dzina ndilo chizindikiro chokha, ana aŵiri a dzina limodzi adzasanduka mmodzi, ndipo wosamuka ku Chilomoni kunka ku Machinjiri adzaŵerengedwa kaŵiri. Chiyambire 1994, pamene sukulu za pulaimale zinakhala zaulere ndipo ana oposa miliyoni imodzi anawonjezeka, kuŵerenga ana molondola ndiko maziko a kugaŵa mabuku ndi aphunzitsi.

Ena adzati iyi ndi ntchito ya akatswiri. Ife tikuti katswiri adziŵa makina, koma wodziŵa mwana ndi mphunzitsi. Motero pamene mukupita kukayesera kuphunzitsa, dulani mizere ya kaundula wanu mosamala, kenaka muiyese ndi mwana wamasiye, wobwereza kalasi ndi wosamuka. Mwana akasoŵa malo, konzani mizereyo. Ndipo akadzabwera nawo mpangidwe wa pa kompyuta, lankhulani makina asanayambe kuumba. Akuluakulu anati mmera mpoyamba.