Chinjoka Chikule, Koma Mlendo Asalande Nthano

Pali masewera ena amene saseweredwa pabwalo, koma patebulo, ndi pensulo, pepala ndi madayisi. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira, aliyense ali ndi mtengambali wake: wina msilikali, wina wamatsenga, wina mbala. Mmodzi amasankhidwa kukhala wofotokoza nthano. Iyeyu ndiye mwini dziko lonse la m'nthanomo, ndipo mafumu, amalonda, zinjoka ndi milungu zimalankhulira pakamwa pake. Otchuka mwa masewera oterewa ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America m'chaka cha 1974. Lero tifuna tinenepo za mkangano umene sunazilale pamatebulo amenewa chiyambire, ndiwo wa malire a mphamvu.

Mtengambali aliyense ali ndi mikhalidwe isanu ndi umodzi yolembedwa m'manambala: nyonga, changu, kulimba kwa thupi, nzeru, luntha ndi chikoka. Pachiyambi wosewera ankaponya madayisi atatu a mbali zisanu ndi imodzi, nawonkhetsa zimene zagwa. Motero nambala yotsikitsitsa inali 3, yokwereratu 18. Aphunzitsi a masamu aona kale kuti mwayi wopeza 18 ndi umodzi pa 216, ndipo n'chifukwa chake amene ankaipeza ankayenda mapewa ali m'mwamba.

Malire amenewa sanakhale pamodzi. Buku la osewera la 1978 lidalola msilikali amene wapeza 18 pa nyonga kuponyanso madayisi kuti aonjezere nambala yachiwiri, mpaka kufika 18/00. Buku lomwelo lidati msilikali wamkazi wa mtundu wa anthu asapitirire 18/50, lamulo lopanda mutu m'dziko limene zinjoka zimalankhula ndipo akufa amadzuka. Lidachotsedwa m'malamulo a 1989. M'chaka cha 2000 denga lidasasulidwa, manambala nkumangokwera. Malamulo a 2014 adalibwezeretsa: wosewera alekeze pa 20, koma zilombo ndi milungu zitha kufika 30. Chilombo chotchedwa Tarrasque chidapatsidwa nyonga ya 30 yeniyeniyo.

Apa ndi pamene madandaulo amayambira. Osewera ena amati si chilungamo kuti iwo amangidwe pa 20 pamene atengambali a wofotokoza nthano akuyenda momasuka pamwamba pake. Ife sitigwirizana nawo. Mdani woposa iwe mphamvu ndiye mchere wa nthano. Kalulu timamkonda chifukwa Njovu ndi wamkulu. Akadakhala ofanana msinkhu, agogo sakadakhala ndi choti atisimbire madzulo. Chinjoka chimene sungachigonjetse ndi lupanga chimakukakamiza kuganiza: kuchinyenga, kuchidikira chigone, kupangana ndi anzako, kapena kuthawa kuti udzabwerenso. Ndiponso nambala ikalembedwa, ngakhale ikule bwanji, osewera amadziwa kuti pali poigwirira. Buku la Deities & Demigods la 1980 lidapatsa milungu manambala ofika 25, ndipo ena mwa osewera adaliwerenga ngati mndandanda wa nyama zokasaka.

Vuto lenileni lili kwina. Lili pa mtengambali wamphamvu zopitirira amene ali mbali ya osewera. Tengani Elminster, wamatsenga wokalamba wa dziko la Forgotten Realms limene adalipeka Ed Greenwood, ndipo lidatuluka monga masewera m'chaka cha 1987. Elminster wakhala zaka mazanamazana, ndi wokondedwa wa mulungu wamkazi wa matsenga, ndipo palibe chimene osewera angachite chimene iye sangachite mofulumira koposa. Funso limene osewera akhala akufunsa ndi lomveka: ngati mdala ameneyu alipo, nanga ife anyamata a malupanga a dzimbiri akutitumiranji? Wofotokoza nthano wanzeru amalipezera yankho. Amati mkuluyo watanganidwa ndi nkhondo ina, kapena ali ndi adani amene angadzuke iye akangosuntha.

Koma choipitsitsa si Elminster wa m'buku. Ndi mtengambali amene wofotokoza nthano wadzipangira yekha, namkonda ngati mwana wake wachisamba, namlowetsa m'gulu la osewera kuti aziyenda nawo. Uyu saphonya. Chitseko chikakanika, ndiye amatsegula. Mwambi ukavuta, ndiye amamasulira. Chinjoka chikatsala pang'ono kugwa, nkhonya yomaliza imakhala yake. Malire amene amanga anzake onse iye samkhudza, popeza wolemba manambala ake ndi woweruza mlandu ndi munthu mmodzi. Anthu anayi amene adasiya ntchito zawo kuti adzasewere amasanduka oonerera, atagwira madayisi amene sakusinthanso kanthu. Sadandaula mokweza. Sabata yotsatira mmodzi amati wadwala, wina amati kwabwera alendo, ndipo tebulo limatha chomwecho.

Aphunzitsi akuzidziwa izi ngakhale asanaonepo dayisi la mbali 20. Mwana akamavutika ndi samu pabolodi, dzanja limayabwa kufuna kumlanda choko. Ukamlanda, yankho limapezeka msanga ndipo limakhala lokhoza, koma si la mwanayo.

Tikupempha ofotokoza nthano zinthu zochepa. Malire anenedwe poyera masewera asanayambe, ndipo ngati zilombo zidzawadumpha, osewera adziwiretu. Wamphamvu amene ali bwenzi akhale kutali, apereke uphungu, mapu kapena chenjezo, koma lupanga lake likhale m'chimake. Akaloledwa kupulumutsa gulu, kukhale kamodzi, ndipo atumize ngongole yake pambuyo, kuti thandizolo libale ulendo wina umene osewera adzayende okha. Ngati wofotokoza nthano akulakalaka kwambiri kukhala ngwazi, apereke mpando kwa mnzake sabata ina, iye atenge pepala ndi madayisi ngati ena onse.

Osewera nawonso asaiwale kuti denga lawo lili ndi zibowo zimene olemba malamulo adasiya dala. M'malamulo a 2014 muli mabuku amatsenga amene amakweza mkhalidwe umodzi ndi 2 pamodzi ndi malire ake, ndipo wankhondo wa gulu la Barbarian akafika gawo la 20 amaloledwa nyonga ya 24.