Wagwira ulele zaka zitatu, nanga kalata yake ili kuti?

Munthu akachotsedwa ntchito, sabata yoyamba abale amabwera kudzamutonthoza. Mwezi wachiwiri amafunsa ngati pali chomwe chikuoneka. Chikatha chaka safunsanso, ndipo mwiniwake amayamba kulambalala njira zomwe angakumanemo ndi anzake akale. Uphungu womwe ukumveka masiku ano ndi woti apite akadzipereke kubungwe lina lake, akagwire ulele, mwina akamuonako. Uphunguwu si woipa. Koma njirayi imafika kuti, ndipo imafikitsa ndani?

Phindu lake sitingalikane. Olemba ntchito akaona CV yokhala ndi zaka ziwiri zopanda kanthu amakwinya nkhope. Kalaliki yemwe hotela yake ya kunyanja inamutumiza kunyumba Covid-19 itathamangitsa alendo mu 2020, akamalemba kaundula wa olandira chimanga, luso lake silichita dzimbiri. Amadzuka m'mawa n'kusita malaya. Amamva za mipata ya ntchito isanatuluke m'nyuzipepala, ndipo amapeza bwana woti amuikire umboni. Mayi yemwe anasiya ntchito kuti adwazike matenda amayambiranso pomwepo kuzolowera kompyuta ndi kusunga nthawi.

Koma dzikoli ladya thukuta la odzipereka kwa nthawi yaitali, ndiye tiwerengerane. Namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023, pakati pa omwe ankafukula matope ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche panali achinyamata opanda ntchito, ena ovala zizindikiro za Red Cross, ena ongobwera ndi khasu la kwawo. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, womwe unapha anthu oposa 1,700, odzipereka ankayenda khomo ndi khomo ndi ndowa za kolorini. Ndi angati mwa iwowa ali ndi pepala losonyeza zomwe anachita? Mwayi wa ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ukatuluka, kodi miyezi ija imawerengedwa, kapena amaima pamzere umodzi ndi yemwe ankangomvera nkhaniyo pawailesi?

Pitani kusukulu ya mkombaphala m'mudzi mwanu. Mukapeza mayi atagwira mthiko dzanja limodzi, lina akuloza zilembo zolembedwa ndi makala pakatoni, ana makumi anayi atakhala pamkeka wong'ambika. Ambiri mwa alezi amenewa salandira malipiro, ena kwa zaka khumi. Mayi uja wapeza chitenje cha bungwe, tisheti ziwiri, ndi alawansi ya masiku atatu a maphunziro kuboma. Kodi mayiyu ali panjira yopita kuntchito, kapena ntchitoyo ndi yomwe akugwirayo, kungoti palibe akufuna kuitchula dzina lake?

Apa ndi pomwe mabungwe ena ayenera kutiyankha. Ngati munthu akufika hafu seveni n'kuweruka faifi, akusayina m'buku, akulemba malipoti opita kwa opereka thandizo, ndipo akajomba amaitanidwa muofesi, akusiyana bwanji ndi wolembedwa ntchito? Ngati ndalama ya galimoto yatsopano ikupezeka mubajeti, ya sopo wa wodzipereka ikusowa bwanji? Ndipo ntchito yeniyeni ikatuluka pabungwe lomwelo, n'chifukwa chiyani imagwera mphwake wa bwana wochokera kutauni, pomwe wodziperekayo akupemphedwa kuti amuonetse mlendoyo kagwiridwe kake? Dziko lomwe limakumbukira John Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse, munthu yemwe anakana thangata, siliyenera kuphunzitsidwa kuopsa kwa ntchito yopanda malipiro yovekedwa dzina lokoma.

Palinso funso lomwe alangizi a ntchito amalizemba: ndani angakwanitse kugwira ulele? Wokhala kwa makolo ku Area 47 angathe kudzipereka chaka chonse. Wochita lendi ku Mtandire ayenera kusankha pakati pa ndalama ya minibasi ndi ya ndiwo, ndipo tsiku lomwe wathera kubungwe ndi tsiku lomwe waluza ganyu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndiye musamudabwe akasiya pa mwezi wachiwiri. Bungwe losabweza ngakhale ya thiransipoti latsekera kunja amene akufunitsitsa mwayiwo.

Boma linavomereza kale kuti wophunzira ntchito amadya, n'chifukwa chake omaliza maphunziro a ukachenjede omwe limawatenga kuti akaphunzire ntchito m'maunduna limawapatsa kangachepe pamwezi. TEVETA nayo ili ndi njira yoyesera luso lomwe munthu anaphunzira pogwira ntchito n'kumupatsa satifiketi. Nanga chikuletsa n'chiyani kuti CONGOMA ndi NGORA, omwe amaona za mabungwe omwe si aboma, agwirizane zoti bungwe lililonse lizilemberana pangano ndi wodzipereka, lonena ntchito yake, utali wa nthawi, ndi zomwe adzalandire pomaliza? Kalata ya umboni imadya pepala limodzi ndi chidindo. Kodi imeneyinso ikudikira ndalama za azungu?

Inu olemba ntchito, mukamalengeza kuti mukufuna wa zaka zitatu pantchito, nenani poyera ngati zaka za wodzipereka mukuziwerengera. Yemwe anagawa ufa pamsasa wa anthu osamutsidwa, thumba osasowa n'limodzi lomwe, waonetsa kale zomwe intavyu ya mphindi khumi singakuonetseni.

Ndipo inu amene mukuganiza zodzipereka, pitani, koma maso ali gwa. Sankhani bungwe lomwe ntchito yake ikugwirizana ndi yomwe mukuifuna. Tsiku loyamba lomwelo funsani kuti muzigwira chiyani, kwa miyezi ingati, ndipo adzasayine kalata yanu ndani. Makalata ofunsira ntchito musasiye kulemba. Akakuyankhani kuti za kalatazo mudzaziona m'tsogolo, thokozani mwaulemu, mukagogode pabungwe lina.