Netiweki ikathawa, mabasi azikambitsana okha

Kucokela pamene Yango inafika mu Lusaka mu 2022, ambili a ife tinaiwala kuimitsa taxi na dzanja. Koma kuitana motoka pa foni kumadalila tawa. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, malaiti anali kupita maola ambili, ndipo matawa ena anali kuzima mabatile akatha. Bandulo ilimo, koma draiva sapezeka. Nayenso ali khale pambali pa mseu, kashing'i ya abwana ikumuyembekezela.

Pali njila ina imene akatswili amaicha mobile ad hoc network. Mafoni kapena tuzipangizo twa mu motoka tumapatsilana uthenga pa Bluetooth kapena Wi-Fi, popanda tawa. Uthenga umalumpha kucoka pa motoka iyi kupita pa inzake mpaka ufike. Si maloto iyayi: mu 2014, anthu ocita zionetselo ku Hong Kong anali kutumizilana mauthenga mwa njila imeneyi pa FireChat.

Vuto lake ni mtunda. Bluetooth ya foni kambili sipitilila mamita 100, conco pafunika mamotoka ambili oyandikana. Munthu wofuna taxi usiku kumalekezelo a Chalala sangathandizike. Koma onani Great East Road m'mawa: maminibasi ali ndondondo kucokela m'tauni mpaka ku Chelstone. Apa m'pamene ine niona phindu. Uthenga wakuti “pa Munali anthu ni ambili, basi kulibe” ungayende basi na basi mpaka kwa draiva amene ali pa mzele m'tauni, mipando ili yopanda anthu. Mafuta sangapite cabe, ndipo wanchito angafike pa nthawi yake.

Manje funso n'lakuti: mzele adzaugwila ndani? Sitinaiwale mmene makada anali kudulitsila madraiva ndalama m'masiteshoni. Ngati munthu mmodzi ndiye adzasankha basi yoyamba kunyamula, ndiye kuti kada wabwelanso, koma wabisala mu foni. Mzele uzioneka kwa draiva aliyense, ndipo mabungwe awo akhale na mau.

Pempho langa kwa a ZICTA, a RTSA na a khonsolo ni ili: lolani kuti ziyesedwe pa mseu umodzi. UNZA ili pa Great East Road pomwepo, ndipo ophunzila zamakompyuta amakwela mabasi amenewa tsiku lililonse. Apatseni mpata.